Nsabwe Yodumpha ya Malalanje ndi Nthenda Imene Imanyamula

Lero tikambirana za kachirombo kamene kamakhala pa mitengo ya malalanje, manachesi ndi mandimu. Ambiri a inu simunakaonepo ndi maso, koma ntchito yake munaiona ndithu. Pitani pa mtengo wa mandimu umene uli kuseri kwa nyumba, muyang'ane masamba ake. Mukapeza masamba okhala ndi totupatupa tonga njerewere pamwamba pake, ndipo potembenuza tsamba mukaona timaenje kunsi kwake, dziwani kuti kachirombo kameneka kanafika kale pakhomo panu.

Pa Chingerezi dzina lake ndi citrus psyllid, ndipo akatswiri amakalemba kuti Trioza erytreae, chifukwa tizirombo toyamba kulembedwa m'mabuku, m'chaka cha 1918, tinagwidwa m'dziko la Eritrea. Ife m'nkhani ino tikatcha nsabwe yodumpha, popeza ndi mbale wa nsabwe zija zimaunjikana pa mpiru ndi pa mtedza, ndipo kadyedwe kake ndi komweko, koyamwa madzi a m'mbeu. Kusiyana kwake ndi kwakuti mukaikhudza imadumpha ngati utitiri ndi kuuluka. Si mlendo wochokera kutsidya la nyanja iai. Kwao ndi mu Africa muno, ndipo malalanje asanabwere inali kukhala pa mitengo ina ya m'thengo imene iri pachibale ndi malalanje.

Ndinene msanga chimene ndifuna kuti mugwire. Totupa ta pamasamba tija sitipha mtengo waukulu. Choopsa ndi nthenda imene nsabweyi imanyamula m'thupi mwake kuchoka pa mtengo wodwala kunka pa mtengo wabwino, ndipo nthenda imeneyo iribe mankhwala. Koma kuti tione pomenyera nkhondo, tiyambe tadziwa makhalidwe a nsabweyo.

Nsabwe yaikulu kutalika kwake ndi mamilimita 4 kapena kucheperapo, ndiye kuti yonga njere ya mapira, koma yoonda. Iri ndi mapiko oonekera ngati galasi ndi mutu wakuda, ndipo pakudya imaweramitsa mutu ndi kukweza kumbuyo. Yaikazi siikira mazira pa tsamba lokhwima. Imafunafuna nsonga zanthete zimene zangophuka kumene, ndi kundanditsa timazira tachikasu m'mphepete mwa timasamba tosatambasuka bwino. Imodzi yokha ikhoza kuikira mazira ofika 2,000 pa masabata 4 kufikira 7. Mazirawo amaswa patapita masiku 6 kufikira 15, monga mwa kufunda kapena kuzizira kwa nyengo. Kamwana kakaswa kamayenda pang'ono pokha, kenaka kamakhazikika kunsi kwa tsamba ndi kulowetsamo mlomo wake wonga singano. Pamalo pamenepo tsamba limalowa m'kati ndi kusanduka kadzenje, ndipo kamwanako kamagona m'menemo, kali kaphanthiphanthi ngati mamba a nsomba, kozingidwa ndi tiubweya toyera. Kamafundula kasanu, ndipo pa kufundula komaliza kamatuluka ndi mapiko. Kukula konseku kumatenga masiku 17 ngati kuli kofunda, koma kukazizira kumafika masiku 43. Tiana tikachuluka mudzaona timibulu toyera tonga shuga titawazika pa masamba a m'munsi. Zimenezo ndi zonyansa zao.

Mvetsetsani apa, pakuti ambiri amataya ndalama pachabe. Nsabwe ikakula ndi kuuluka, kadzenje kaja kamatsala, ndipo tsamba limakhala ndi njerewere zake mpaka tsiku limene lidzayoyoke. Chotero mlimi amene aona masamba akale otupatupa, nathamangira ku sitolo kukagula mankhwala, ali kupopera nyumba zimene eni ake anasamuka kale. Poyang'ana ndi pa nsonga zanthete. Mtengo ukakhala wopanda nsonga zanthete, nsabweyi ilibe poikira.

Chinthu china chofunika ndi ichi: nsabwe yodumpha imaopa dzuwa. Kukatentha kupitirira madigiri 32, mpweya uli wouma, mazira ndi tiana tating'ono timafa tochuluka. Ndicho chifukwa chake imakonda malo okwera, ozizira ndi achinyontho, onga mapiri a Dedza ndi Ntcheu, Thyolo, Mulanje, Zomba ndi Mzuzu, koma kuchigwa kotentha, monga ku Chikwawa ndi ku Nsanje, siipeza bwino. Ngakhale m'mudzi umodzi womwewo, mitengo ya kudimba ndi ya mumthunzi imakhala ndi nsabwe zambiri kuposa ya pamtetete. Dzuwa la Okutobala limatithandiza kwaulere, koma mvula ikagwa, mitengo ikaphukanso, zotsala zija zimayambiranso kuswana.

Nsabwe za mtundu umenewu ziri ndi abale ambiri pa dziko lapansi, ndipo nkhani ya mbale mmodzi itithandiza kuona kuipa kwa yathuyi. M'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Spain, Italy, Greece ndi Tunisia, anthu amalima azitona, mitengo ija timaimva kutchalitchi, imene zipatso zake amayenga mafuta. Kumeneko kuli nsabwe yodumpha ya azitona, imene mu 2007 inapezekanso ku California m'dziko la America. Tiana take timakhala pa maluwa titadzifunditsa ndi ulusi woyera wonga thonje, ndipo tikachuluka maluwa amayoyoka, zipatso ndi kuchepa. Nayonso imalephera kutentha, kotero alimi a kumeneko amadulira nthambi za m'kati kuti dzuwa ndi mphepo zilowe, ndipo ofuna kupopera amapopera thonje lija lisanachuluke, pakuti likachuluka mankhwala safika pa kachirombo. Koma mlimi wa azitona akataya, wataya zipatso za chaka chimenecho basi. Nsabwe ikatha, mtengo wake uli bwino. Mlimi wa malalanje amataya mtengo umene.

Nthenda imene tiri kunena amaitcha greening, ndiye kuti kubiriwira, chifukwa chipatso cha mtengo wodwala sichipsa bwino. Alimi a ku South Africa anayamba kuiona cha m'ma 1928 ndi 1929, ndipo kwa zaka zambiri anthu anayesa kuti bvuto liri m'nthaka. Mu 1965 akatswiri awiri a kumeneko, McClean ndi Oberholzer, anaonetsa kuti imene imafalitsa nthendayi ndi nsabwe yodumpha, ndipo mu 1970 akatswiri a ku France, Laflèche ndi Bové, anaona kachirombo kenikeni koyambitsa nthenda poyang'ana ndi makina amphamvu okuza zinthu. Ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, ka mtundu wa bakiteriya, kamene kamakhala m'timisempha tonyamula chakudya kuchoka kumasamba kunka kumizu ndi kuzipatso. Timisempha timeneti tikatsekeka, mizu imafa ndi njala, ndipo mtengo umafota pang'onopang'ono. Ziri ngati udzudzu ndi malungo. Kuluma kwa udzudzu kumangoyabwa, koma chimene wasiya m'magazi ndicho chimagoneka munthu. Tiana ta nsabwe timene takulira pa mtengo wodwala timatenga kachiromboko, ndipo tikamera mapiko timanka nako kuli konse kumene tikatere. Nthenda imeneyi inapezeka kale m'Malawi muno, ndiponso ku Zimbabwe, ku Tanzania ndi ku Kenya.

Kodi mtengo wodwala tiudziwa bwanji? Kawirikawiri imayamba nthambi imodzi kuchita chikasu, mbali zina za mtengo ziri zobiriwira bwinobwino. Koma chikasu chokha si umboni, chifukwa mtengo wosowa chakudya m'nthaka, makamaka mchere uja amati zinki, nawonso umachita chikasu. Chitani chotere: thyolani tsamba, mulipinde motsata msempha wake wapakati. Ngati mawanga a mbali ino afanana ndi a mbali inayo, mwina ndi njala chabe, ndipo manyowa ndi feteleza zikhoza kuuchiritsa. Koma ngati mawanga ali osalingana, kuno chikasu uko kubiriwira popanda dongosolo, yambani kukayika. Tsono tengani chipatso cha pa nthambi yomweyo, muchidule kuchoka ku phesi kutsika pansi. Chipatso chodwala chimakhala chaching'ono ndi chopendekeka, mbali ina yaikulu mbali ina yopinimbira, njere zake zazing'ono, zakuda ndi zofwapa, ndipo madzi ake ndi owawasa kapena owawa. Chimayamba kufiira cha ku phesi, kunsi kuli kobiriwira, ndipo zambiri zimagwa zisanapse. Inu a kumalo otentha musadabwe ndi malalanje anu amene amapsa ali obiriwira khungu. Amenewo ndi machitidwe a nyengo yofunda, ndipo ngati ali ozungulira bwino ndi otsekemera, palibe nthenda.

Chobvuta ndi chakuti mtengo ukatenga nthenda suonetsa msanga. Pakhoza kupita miyezi yambiri, kapena chaka ndi kupitirira, uli kuoneka wabwino, pamene nsabwe ziri kutengapo kale nthenda ndi kugawira mitengo ina.

Njira zimene nthendayi imayendera ndi ziwiri zokha: nsabwe, ndi kumezanitsa. Siiyenda m'dothi, m'madzi kapena pa chikwanje. Tsono nkhondo yoyamba iri pa mbande. Munthu akadula diso kapena kanthambi pa mtengo wodwala, namezanitsa pa mbande 100, wapanga mitengo yodwala 100, ndipo idzagulitsidwa pamsika, ina ndi kukwera basi kunka kutali kumene nsabwe siikadafika ndi mapiko ake. Mbande ya pamseu imakhala yotsika mtengo, koma mtengo wa malalanje ndi chuma cha zaka makumi, ndipo munthu amene wathirira mtengo zaka 4, nauchingira mbuzi, kenaka ndi kuona kuti unali wodwala chigulire, wataya zambiri kuposa ndalama zimene anapulumutsa tsiku logula. Funsani Mlangizi wanu kumene mungapeze mbande zodalirika. Ku Bvumbwe kuli malo a Boma ofufuzira za zipatso, ndipo alangizi amadziwa njira yofikira kumeneko. Pogula, tembenuzani masamba. Mbande ya timaenje kapena ya mawanga isiyeni, ngakhale wogulitsa akhale mlamu wanu. Inu amene muli ndi nazale, musaiike pansi pa mitengo yakale ya malalanje kapena pafupi nayo, ndipo ngati mungathe itchingeni ndi ukonde wa timaso tating'ono kwambiri wopangidwira ntchito imeneyi. Sindikunena masikito aja mumalandira kuchipatala. Amenewo asiyireni ana agonemo.

Mitengo imene iri kale m'munda muziiyendera nthawi imene iri kuphuka, makamaka chisanu chikamatha, cha mu Ogasiti ndi Sepitembala, ndiponso mvula ikayamba. Kamodzi pa sabata yang'anani nsonga, mufune timazira tachikasu m'mphepete mwa timasamba. Ana a sukulu maso ao ndi akuthwa pa ntchito imeneyi kuposa athu. Samalani koposa mitengo yaing'ono, pakuti imaphuka kawirikawiri, ndipo nthenda ikailowa imafa isanabale. Pa mtengo waung'ono nsonga zowerengeka zodzala ndi mazira mukhoza kuzitsina ndi zala ndi kuzikwirira, koma musapulule mtengo wonse.

Mandimu ndiwo ofuna kuwachenjerera. Mtengo wa mandimu umaphuka pafupifupi chaka chonse, kotero pamene malalanje apuma, nsabwe zimakasungika pa mandimu kudikira kuti malalanje aphukenso. Sindikuti mudule mandimu onse, pakuti ndi ofunika pakhomo, koma mpanda wa mandimu kuzungulira munda wa manachesi ndi khola loweteramo nsabwe. Chimodzimodzinso kuthirira mosalongosoka ndi kudulira mitengo nthawi zosiyanasiyana, lero uwu, mwezi wa mawa uwo, kumachititsa kuti m'munda musasowe nsonga zanthete. Ndi bwino kuti mitengo iphukire pamodzi, masamba akhwimire pamodzi, nsabwe isowe poikira.

Za kupopera ndinena mwachidule, chifukwa miyeso yake muyenera kuimva kwa Mlangizi ndi kuiwerenga pa botolo. Madzi a sopo ndi madzi a nimu amapha tiana timene akhudza, choncho popera kunsi kwa masamba anthete, madzulo dzuwa litapepa, ndi kubwerezanso patapita sabata. Yambani mwayesa pa nthambi imodzi, kuopa kuti sopo akachuluka amaocha masamba. Alipo mankhwala a m'sitolo olowa m'kati mwa mtengo, monga dimethoate ndi imidacloprid, amene amateteza bwino mitengo yaing'ono. Koma ndi poizoni kwa munthu ndi kwa njuchi. Gulani obvomerezedwa ndi Boma okha, a m'botolo lake lolembedwa, osati othiridwa m'botolo la zakumwa. Musapopere mitengo iri ndi maluwa, ndipo musathyole zipatso masiku olembedwa pa botolo asanakwane. Kumbukiraninso kuti mankhwala amapha nsabwe, koma mtengo umene wadwala kale sauchiritsa.

M'munda mwanu muli antchito ena amene simuwalipira. Akangaude amagwira nsabwe, ndipo tizikumbu tija tofiira ta madontho akuda timadya tiana. Koma wamkulu wa onse ndi kamabvu kakang'ono kwambiri, kochepa kuposa nsabwe imene, kosaluma munthu, kamene akatswiri amakatcha Tamarixia dryi. Kwao ndi kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa. Kamaikira dzira lake kunsi kwa kamwana ka nsabwe, mphutsi yake ndi kudya kamwanako, ndipo ikakula imaboola kabowo kozungulira pamsana ndi kutuluka. Pa chilumba cha Réunion, m'nyanja ya Indian, nsabwe yodumpha inali itaononga malalanje kwambiri. Mu 1974 anatengerako timabvu timeneti kuchokera ku South Africa, ndipo patapita zaka zowerengeka nsabwe inatsala pang'ono kutheratu pa chilumbacho. Mu 2018 anachita chimodzimodzi pa zilumba za Canary, za dziko la Spain. Kuno ku mtunda wa Africa timabvuti tiri ndi adani aonso amene amatidya, ndiye sitingamalize ntchito tokha, komabe timathandiza. Mukaona m'timaenje muli tizikopa touma, toderapo, tokhala ndi kabowo, dziwani kuti timabvu tiri pa ntchito, ndipo musafulumire kupopera poizoni. Mlimi wopopera mwezi ndi mwezi popanda kuyang'ana amapha antchito ake omwe.

Tsono tifike pa mau owawa, ndipo apa ndilankhula makamaka ndi inu mafumu. Mtengo wodwala uyenera kuchoka. Ngati ndi mtengo waukulu ndipo nthenda iri pa nthambi imodzi yokha, alimi a ku South Africa amadula nthambi imeneyo patsinde pake ndi kuuyang'anira mtengowo. Nthawi zina umapulumuka. Koma mtengo waung'ono, kapena waukulu umene nthenda yafalikira mbali zambiri, uzulidwe. Muyambe mwaupopera kuti nsabwe zimene ziri pamenepo zisabalalikire ku mitengo ina, kenaka muudule ndi kukumba chitsa, chifukwa mphukira za pachitsa zimatuluka ndi nthenda yomweyo, ndipo nsabwe zimazikonda kwambiri. Nkhuni zake zikauma sonkhani moto, palibe choopsa.

Inu a ku Thyolo ndi ku Mulanje mukukumbukira za chisaka cha nthochi, chimenenso chimayenda ndi nsabwe ndi mbeu zodwala. Munaona kuti munthu mmodzi akazula zake, mnansi wake nakana, nthenda imabwerera. Ndi malalanje ziri chomwecho. Nsabwe yodumpha, mphepo ikaithandiza, imafika mtunda wa kilomita imodzi ndi theka, ndipo malire a munda siiwadziwa. Mlimi payekha alibe mphamvu pa mtengo wa mnzake, koma mfumu ikhoza kuitana anthu pabwalo, Mlangizi ali pomwepo, ndi kupangana sabata limodzi loyendera mitengo yonse ya m'mudzi, ndi nthawi imodzi yopopera. Palinso mitengo yopanda mwini: mandimu a m'mabwinja, malalanje a pakhomo pa munthu amene anapita ku Joni zaka zapitazo, mitengo ya pasukulu ndi ya m'mbali mwa manda. Imeneyi palibe amaiyang'ana, ndipo ndi inu nokha mafumu amene munganene mau pa iyo. Ndidziwa kuti si chapafupi kuuza mai wamasiye kuti adule mtengo umene anabzala malemu amuna ake, umenenso amagulira sopo ndi mchere. Musatumize anyamata ndi nkhwangwa. Pitani nokha ndi Mlangizi, mudule chipatso pamaso pao aone njere zakuda zija, ndipo mudzi upangane zowapezera mbande yabwino yolowa m'malo. M'maboma onga Mwanza ndi Neno, kumene manachesi amalipirira ana sukulu, nkhani yotere iyenera kukambidwa mitengo ikali yabwino.

Inu a kunyanja ndi a kuchigwa mwina mukuti zimenezi ndi za anthu a kumapiri. Kunena za nsabwe yathuyi, muli ndi mwai ndithu, pakuti ngakhale nthenda ya mtundu wa mu Africa imafooka kumalo otentha. Koma kuli mtundu wina wa nthenda yomweyi wochokera ku Asia, umene ku China amautcha huanglongbing, ndipo umayenda ndi nsabwe ina yodumpha yotchedwa Diaphorina citri. Imeneyo siiopa kutentha, ndiponso siipanga timaenje pamasamba, kotero ndi yobvuta kuizindikira. Nthenda ya mtundu umenewu inapezeka ku Brazil mu 2004 ndi ku Florida, m'dziko la America, mu 2005. Alimi a ku Florida anakolola mabokosi a malalanje 242 miliyoni m'nyengo ya 2003 ndi 2004, koma m'nyengo ya 2022 ndi 2023 sanafike ndi 20 miliyoni omwe. Mphepo za mkuntho zinaonjezapo, koma chachikulu ndi nthendayi. Ndipo amenewo ndi alimi a makina, ndalama ndi akatswiri ambiri. Nsabwe ya ku Asia imeneyi inapezeka kale ku Tanzania ndi ku Kenya. Chotero inu amene mumayenda malonda kudutsa malire, musabwere ndi mbande, timitengo tomezanitsira kapena masamba a malalanje ndi mandimu ochokera kunja popanda chilolezo cha Boma, ngakhale mtunduwo ukhale wokoma chotani.

Mukakayika ndi mtengo wanu, musadikire kuti Mlangizi adzadutse yekha. Thyolani kanthambi ka masamba a mawanga ndi zipatso ziwiri kapena zitatu za pa nthambi yomweyo, mukung'unthe bwino kuti pasatsale nsabwe yamoyo, muike m'pepala la pulasitiki ndi kumanga kukamwa. Mupite nazo tsiku lomwelo zisanafote, ndipo mukanene kumene munagula mtengowo ndi chaka chimene munaubzala, kuti ngati nthenda inachokera ku nazale, anzanu amene anagula komweko adziwitsidwe msanga.